Zodabwitsa 7 za masanje a pa intaneti: mwana amayesedwa, mphunzitsi naye sapulumuka

Kuno ku Mchengautuwa mvula ikangokata, ana amathamangira kuseri kwa nyumba ndi zitini zawo. Wina bambo, wina mayi, wina fisi wodzaba ndiwo, nsima ya dothi ili pamoto. Masanje otere anafika kale pa intaneti. Anthu amalowa m'dziko lopeka la mapanga, mafumu ndi zilombo, popanda chithunzi chilichonse, aliyense n'kumalemba zomwe akuchita. Aphunzitsi ena anawasandutsa kalasi masewerawa, ndipo zomwe anapeza n'zoti ife aphunzitsi ndi makolo tizimve.

1. Ndi akulu kuposa mawebusaiti. Mu 1978 Roy Trubshaw, wophunzira pa yunivesite ya Essex ku England, anayamba kupanga sewero lotchedwa MUD, ndipo mnzake Richard Bartle analikulitsa. Munthu akasonkhanitsa mapointi okwanira ankasanduka wamatsenga, n'kupatsidwa mphamvu zoyang'anira osewera anzake. Mphotho ya wokhoza inali udindo wosamala ena.

2. Osewera sali ofanana. Mu 1996 Bartle anawagawa m'magulu anayi: ofuna kupambana, okonda kufufuza ngodya iliyonse, obwerera macheza, ndi ofuna kugonjetsa anzawo. Mphunzitsi aliyense wa Sitandade 6 amawadziwa ana anayiwa ndi mayina awo. Koma mayeso a malikisi okhaokha amaona mwana woyambayo. Uja amene amagwirizanitsa gulu likayambana amatuluka chimanjamanja.

3. Panali yunivesite yopanda njerwa ngakhale imodzi. Mu 1994 kunatsegulidwa schMOOze University, sukulu ya mawu okhaokha ya ophunzira Chingerezi ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Kuti ulowe m'chipinda kapena upereke moni, unkayenera kulemba. Chiganizo chikakhota, mnzako sankakumva, ndipo unkachikonza pompo. Kumvana ndi mnzako kunali kukhoza kwako.

4. Kusangalala kwa ana sikutanthauza kuti aphunzira. Amy Bruckman ali ku MIT anapanga MOOSE Crossing, dziko limene ana ankamangamo nyumba ndi kulenga ziweto zawo polemba mawu ndi timapulogalamu ta kompyuta. Ana ankalikonda kwambiri. Koma iye ndi anzake ataunika ntchito za mwana aliyense payekha, anapeza kuti ochepa anapita patali zedi pamene ambiri sanasunthe kwenikweni pa luso lolemba mapulogalamu. Anayambitsa mabaji omwe mwana ankalandira akaonetsa zomwe wapanga. Ndimaulemekeza mtima umenewu: munthu kuyesa ntchito ya manja ake n'kuvomera poyera pamene yaperewera.

5. Mphunzitsi amagwidwa ndi wotchi. Mary Budd Rowe wa ku America, m'zaka za m'ma 1970, anajambula mawu a m'makalasi ambiri n'kupeza kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha. Akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho amatalika ndipo ana ambiri amatsegula pakamwa. M'sewero lolemba, mawu aliwonse amatsala pamodzi ndi nthawi yake. Ukabwerera mmbuyo umaona wekha amene wadzaza tsamba, amene unamudula pakamwa, ndi mtsikana amene analemba kawiri iwe osamuyankha. Woyendera sukulu amabwera mwa apo ndi apo, koma zolembazi zimakhalapo tsiku lililonse.

6. Njira yoti omvera aziyesa wotsogolera, Amalawi anaidziwa kompyuta isanafale. Mu 1981 gulu la zisudzo la Travelling Theatre la ku Chancellor College linafika ku Mbalachanda m'boma la Mzimba, kufuna kuti anthu a kumudzi aone mavuto awo m'sewero. Chris Kamlongera ndi David Kerr, omwe anali aphunzitsi a zisudzo pa kolejiyo, analemba zambiri za ntchito yotereyi. M'zisudzo za chitukuko, wotsogolera amadziwika luso lake anthu akalanda nkhani n'kuyamba kutsutsana okha. Ngakhale pa nthano, agogo amadziwa kuti nkhani yawo yafa pamene "tilitonse" wayamba kuzilala. Omvera ndiwo amachonga wokamba.

7. Mtengo wa sewero lolemba ndi wochepa kuposa chithunzi chimodzi. Chilembo chimodzi chimadya baiti imodzi, choncho chithunzi cha mamegabaiti awiri chikufanana ndi zilembo pafupifupi 2 miliyoni, zomwe ndi mabuku angapo. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, mabanja ambiri kuno sakanakwanitsa bandulo ya makalasi a vidiyo, koma mawu pa WhatsApp ankadutsa.

Nthawi imeneyo ndinasonkhanitsa ana angapo a achibale pa gulu la WhatsApp, aliyense pa foni ya makolo ake. Nkhani yathu inali ya mudzi womwe chitsime chake chinalandidwa ndi napolo. Mdzukulu wanga wina, amene m'kalasi sakweza mkono, anasankha kukhala kamba. Usiku wina analemba mizere isanu ndi umodzi yonyengerera napoloyo, zilembo zina zitasemphana, koma mfundo zili ndondondo. Nditabwerera pa zolembazo ndinapeza kuti masiku awiri mmbuyomo kambayo anayesa kuyankhula, ine n'kupitiriza nkhani ngati sindinamuone.

Mwanayo ndinamupatsa malikisi ake, nanenso ndinadzilembera anga. Kuyambira pamenepo ndikafunsa funso, m'kalasi kapena pa foni, ndimawerenga chamumtima mpaka katatu ndisanatsegulenso pakamwa.