N'chifukwa chiyani nkhama zimatuluka magazi?

Ana inu, munayamba mwaluma gwafa kapena nzimbe n'kuona kadontho kofiira pamene padutsa mano? Nanga potsuka mkamwa, munayamba mwalavula thovu losakanikirana ndi magazi? Musazitenge mopepuka. Nkhama, mnofu uja umene umakumbatira mano, zikukuuzani kanthu.

Mkamwa mwathu muli alendo osaoneka ndi maso. Mu 1683, Antonie van Leeuwenhoek wa mumzinda wa Delft ku Netherlands anapala zoyera zomatirira pamano ake, n'kuziyang'ana pagalasi lokulitsa zinthu limene anapanga yekha. Anaona tizilombo tikusambirasambira, tina tikuzungulira ngati nguli! Lero asayansi apeza mitundu yoposa 700 ya mabakiteriya okhala mkamwa mwa anthu. Ambiri sativutitsa. Koma tikamagona osatsuka, amaunjikana m'malire mwa dzino ndi nkhama. Thupi likazindikira, limathamangitsirako magazi ambiri pamodzi ndi asilikali ake, maselo oyera. Nkhondo ikabuka, nkhama zimafiira, zimatupa, ndipo kungozikhudza pang'ono, magazi ayamba kutuluka. Awa ndiwo matenda amene timawatcha chiseyeye.

Tinadziwa bwanji kuti gwero lake ndi kusatsuka? Mu 1965, dokotala Harald Löe ndi anzake ku Denmark anafalitsa zotsatira za kafukufuku wochititsa chidwi. Anapempha anthu a nkhama zabwinobwino, ambiri mwa iwo ophunzira, kuti asiye kutsuka mano. Pakati pa masiku 10 ndi 21, onse nkhama zinatupa. Atayambiranso kutsuka, pafupifupi mlungu umodzi wokha, nkhama zinachira. Mwaona? Matendawa akadali aang'ono amabwerera m'mbuyo.

Akalekereredwa, nkhani imasintha. Zomatirira zija zimauma gwa, moti mswachi sungazichotse. Nkhama zimayamba kusiyana ndi dzino, pakati pake n'kupangika kathumba kamene mabakiteriya amabisalamo. Fupa logwira dzino limadyeka pang'onopang'ono, ndipo dzino limagwedera ngati mzati wa khola umene madzi akokolola dothi lake. Bungwe loona za umoyo la WHO limati anthu oposa 1 biliyoni padziko lapansi ali ndi matendawa atafika poipa chotere.

Dokotala wa mano amagwiritsa ntchito kachitsulo kokhala ndi timizere ngati rula. Amakalowetsa mofatsa pakati pa dzino ndi nkhama. Kakalowa mamilimita 1 mpaka 3, zili bwino. Kakafika 4 kapena kupitirira, ndiye kuti kathumba kayamba kukula, ndipo iye amapala zouma zija mpaka kunsi kwa nkhama kuti mnofu uchire.

Nanga tingadziwiretu fupa lisanayambe kudyeka? Apa ndi pamene malovu amathandiza. Asilikali a thupi aja akamamenya nkhondo amatulutsa puloteni yotchedwa MMP-8. Imagwira ntchito ngati lumo: imadula timinyewa tomangirira dzino. Ikachuluka, imapezeka m'madzi a mkamwa monga mapazi a mbewa amaonekera pafumbi mbewayo itadutsa kale. Akatswiri a pa yunivesite ya Helsinki ku Finland anathandiza kupanga kachipangizo koyezera puloteniyi: munthu amachukucha mkamwa, n'kulavula, ndipo yankho limabwera m'mphindi zochepa.

Ofufuza apezanso amene ali pangozi kwambiri. Odwala matenda a shuga nkhama zawo zimadwala msanga, ndipo nkhamazo zikachiritsidwa, shuga m'magazi amatsikako. Osuta fodya nawo ali pamavuto, chifukwa fodya amachepetsa kutuluka kwa magazi m'nkhama, choncho matenda amakula mwakachetechete. Ena amatengera kumtundu kwawo.

Ndiye inu muchite chiyani? Tsukani mano kawiri patsiku, m'mawa ndi pokagona, kwa mphindi 2. Pendeketsani mswachi kuti uzisesa m'malire mwa dzino ndi nkhama, mofewa, osati ngati mukukwecha poto. Mukaona magazi musasiye kutsuka, pakuti pamenepo ndi pamene pakufunika mswachi kwambiri. Akapitirira kutuluka kwa milungu iwiri, uzani amayi kapena abambo akuperekezeni kuchipatala. Ndipo madzulo ano, afunseni agogo ngati nawonso nkhama zawo zimatuluka magazi. Mano 32 a munthu wamkulu akachoka sameranso, ndipo mwina ndinu amene mungawathandize agogowo kuti azikukutabe chimanga chootcha.