Alonda a sopo wosasambira

Mu 2010, m'nyumba ya zaluso ya Migros Museum für Gegenwartskunst ku Zurich anaonetsa sopo mmodzi. Womupanga, Gianni Motti, ankati sopoyo ndi wa mafuta amene madokotala anapopa m'thupi la Silvio Berlusconi, yemwe anali nduna yaikulu ya Italy. Zoona kapena zabodza, zimenezo zikhale. Ine chidwi changa chili pa munthu amene anavala magolovesi n'kumunyamula, n'kulemba papepala kamng'alu kalikonse, n'kumayang'anira kuti chinyezi chisamufewetse.

Amisiri oterewa mayina awo sakhala pakhoma. Amamanga zipupa, amapaka penti, amakonza magetsi, chionetsero chikatsegulidwa iwo n'kuzimiririka. Ambiri pantchito imeneyi ndi aluso nawonso, amagwira ganyu yopachika za anzawo kuti apeze ya lendi. Dandaulo lawo ndi lodziwika. Ena amati chithunzi cha penti n'chosavuta, chovuta ndi ntchito za masiku ano, zopangidwa ndi thovu, chakudya kapena pulasitiki yofumbutuka. Ena amati vidiyo ya pa tepi ikhoza kukhala bwinobwino, koma makina oionetsera anasiya kupangidwa kalekale, ndiye amakhalira kusaka akale. Wina aziti bulubu ikapsa ugule ina, mnzake aziti ayi, uyambe wafunsa mwini wake. Nanga mwiniyo akamwalira?

Ku Migros Museum, malipiro awo amachokera pa kauntala ya sitolo. Gottlieb Duttweiler anayamba kampani ya masitolo ya Migros mu 1925 ndi magalimoto asanu ogulitsa zinthu monga mpunga, shuga, khofi ndi sopo. Mu 1941 anaisandutsa kopaletivi, ndipo kuyambira 1957 kachigawo ka ndalama zolowa, osati phindu lokha, kamapita ku za chikhalidwe ndi maphunziro. Nyumba ya zalusoyi, yomwe imadalira ndalamazi, inatsegulidwa mu 1996 mu fakitale yakale ya mowa ya Löwenbräu, chonsecho m'masitolo a Migros sagulitsa mowa.

Apa ndi pamene mtima wanga sukhazikika. Mayi wokhala pa makina olipirira tsiku lonse ndiye amasonkhanitsa ndalamazo, koma sindikhulupirira kuti akaweruka amakhala ndi mphamvu zokaona zimene thukuta lake lagula. Mu 2024 Migros inalengeza kuti ichotsa antchito pafupifupi 1,500 ndi kugulitsa masitolo ena monga SportX ndi Melectronics. Malonda akachepa, kachigawo kaja kamachepanso, ndipo m'nyumba zotere woyamba kusiya kuimbiridwa foni amakhala waganyu wa magolovesi.