Ulimi wa Pasukulu: Khasu Lisakhale Chilango

Phunziro la ulimi ndi limodzi la maphunziro amene ana a m'sukulu za sekondale za dziko lino amalemba pa mayeso a MSCE. Zimenezi n'zoyenera ndithu, pakuti anthu ochuluka a m'Malawi amadya ndi kuvala kuchokera m'nthaka, ndipo m'masomphenya a Malawi 2063, amene Boma linakhazikitsa mu Januwale 2021, ulimi wopindulitsa ndi wamalonda ndiwo mzati woyamba. Koma funso limene liyenera kulingaliridwa ndi akuluakulu a maphunziro pamodzi ndi aphunzitsi ndi ili: kodi mwana amene wapambana mayesowo angathe kupatsidwa chigawo cha munda, nachisamala bwino kufikira tsiku lokolola? Ngati sangathe, ndiye kuti waphunzira mawu okhaokha.

Chiyambi cha Kuipidwa ndi Khasu

Achikulire akumbukira nthawi ya malimidwe, m'zaka za m'ma 1950, pamene boma la atsamunda linkakakamiza anthu kulima mizere yopingasa ndi kuunda milambala, ndipo okana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Nzeru yoteteza nthaka kuti isakokoloke inali yabwino, koma chifukwa inadza ndi mkwiyo wa akapitawo, anthu anaida. Phunziro la mbiri imeneyi likhudzanso sukulu. Pamene mwana wochedwa kapena wochita phokoso atumizidwa kukalima ngati chilango, iye aphunzira msanga kuti khasu ndi la olakwa, ndipo cholembera ndi cha anzeru. Akulu anati mmera mpoyamba. Mwana woleredwa chotero adzathawa munda ngakhale atakhoza bwino lomwe mayeso a ulimi.

Zimene Munda Uphunzitsa

Munda wa sukulu sufunika kukhala waukulu. Chigawo cha mamita 10 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi chikwanira gulu la ana owerengeka, malinga ngati ntchito yonse, kuyambira kuyeza mizere kufikira kuyeza zokolola pa sikelo, ichitidwa ndi iwo eni.

Chitsanzo ndi kabzalidwe ka chimanga. Kale alimi ankatalikitsa mizere masentimita 90, mapando masentimita 90, nabzala mbewu zitatu paphando. Motero pa hekitala pamakhala mapesi pafupifupi 37,000. Kabzalidwe kamene kanafala ndi dzina la Sasakawa n'kotalikitsa mizere masentimita 75, mapando masentimita 25, ndi kubzala mbewu imodzi paphando. Pa hekitala pamakhala mapesi oposa 53,000. Mwana angathe kuloweza manambala amenewa usiku umodzi, naiwala m'mawa mwake. Koma akagwira chingwe, nabzala chigawo chimodzi mwa njira yakale ndi china mwa njira yatsopano, nathira feteleza wokulitsa ndi wobereketsa pa nthawi yake, nayerekeza zokolola za zigawo ziwirizo, waphunzira ulimi, masamu ndi sayansi pa ntchito imodzi, ndipo palibe amene adzamunamize pambuyo pake.

Chimodzimodzinso ndi adani a mbewu. Chithunzi cha m'buku sichimuuza mwana nthawi yoyendera munda, kapena malo oyang'ana. Mbozi zowononga chimanga zimene zinaoneka koyamba mu Africa m'chaka cha 2016 zimabisala mumtima mwa phesi, ndipo wozifuna ayenera kufunyulula masamba ndi zala zake. Kaufiti, kapuchi ndi anankafumbwe azindikirika msanga ndi amene anawaonapo ndi maso.

Palinso buku la munda. Gulu lililonse liyenera kulemba mtengo wa mbewu, wa feteleza, masiku a ntchito ndi ndalama zimene zapezeka pogulitsa. Apa ndi pamene mwana aona kusiyana kwa kukolola zambiri ndi kupeza phindu, ndipo ulimi wamalonda uyambira pa kusiyana kumeneku.

Vuto la Nyengo

Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, mvula yobzalira imagwa kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, ndipo tchuthi cha Khirisimasi chimafika pamene udzu wayamba kupikisana ndi mbewu. Munda wosiyidwa wosapalira masabata amenewa sulonjeza kanthu. Mphunzitsi wamkulu wanzeru akonzeratu za nthawiyi pamodzi ndi komiti ya makolo, ndipo kumene kuli madzi aikanso dimba la ndiwo zamasamba, kapena khola la nkhuku ndi akalulu, kuti phunziro lisadikire dzinja lokha.

Vuto lofanana nalo linaganiziridwa kale ku America. M'chaka cha 1908 Rufus Stimson, mkulu wa Smith's Agricultural School ku Northampton m'chigawo cha Massachusetts, anayambitsa njira yakuti mwana aliyense akhale ndi ntchito yakeyake ya ulimi kwawo, mphunzitsi namayendera kukaona ndi kulangiza. Lamulo la Smith-Hughes la 1917 linapereka ndalama za boma zolipira ndi kuphunzitsa aphunzitsi a ulimi, ndipo linalamula kuti ophunzira azichita ulimi weniweni moyang'aniridwa kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi pa chaka. Njira yotere ingathandize kwambiri m'sukulu zoyendera, kumene mwana amagona kwawo, pafupi ndi munda wa makolo ake, pa tchuthi ndi pa sukulu pomwe.

Wofuna Kukhala Mphunzitsi wa Ulimi

Zonsezi zitsamira pa munthu mmodzi. Mnyamata kapena msungwana amene mtima wake uli pa ntchito imeneyi ali ndi kolowera. Koleji ya Bunda, imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960 ngati nthambi ya Yunivesite ya Malawi, tsopano ili pansi pa LUANAR, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Makoleji a Domasi ndi Nalikule amasula aphunzitsi a m'sekondale. Wofuna kufika kumeneko alimbikire ulimi, sayansi ndi masamu pamodzi.

Komabe satifiketi yokha siikwanira. Ana ali ndi maso akuthwa, ndipo amazindikira msanga mphunzitsi amene aima pamthunzi atavala nsapato zonyezimira, nawaloza pokalima ndi ndodo. Mphunzitsi wa ulimi ayenera kuunda mzere woyamba ndi dzanja lake, adziwe kuyesa kameredwe ka mbewu asanabzale, akhale bwenzi la mlangizi wa zaulimi wa dera lake, ndiponso asachite manyazi kufunsa mlimi wachikulire wa m'mudzi. Adziwenso kuti ntchito yake siitha belu likalira, pakuti nkhuku zimafuna madzi ngakhale Lamlungu.

Akuluakulu a maphunziro ali ndi mbali yawo: kuteteza malo a munda kuti asalandidwe, kupereka makasu, mbewu ndi sikelo nthawi yobzala isanafike, ndi kuonetsetsa kuti ndalama za zokolola zalembedwa poyera, nizibwerera kumunda. Woyendera sukulu akafika, asathere mu ofesi ndi m'kalasi. Apemphe buku la munda, ndipo apite akaone mizere.