Kankhono Koopsa ku Siavonga

Nyengo yotentha ikafika, mabanja ndi ana a sukulu amapita kukamanga matenti m'mbali mwa nyanja ya Kariba ku Siavonga. Ambiri amaopa ng'ona ndi mvuu, koma amaiwala nkhono zing'onozing'ono zokhala m'madzi odikha pakati pa zomera za m'gombe.

Nkhono zimenezi zimasunga tizilombo ta likodzo. Wodwala akakodza kapena kucita cimbudzi m'nyanja, mazira a tizilomboti amaswa, ndipo timalowa m'nkhono. Tikacoka m'menemo timaboola khungu la munthu wosamba, wocapa kapena woweza nsomba ataima m'madzi. Patapita milungu ingapo thupi lingayambe kutentha, ndipo pambuyo pake ena amakodza magazi. Matendawa akakhalitsa amaononga cikhodzodzo, impso ndi ciwindi.

Kudziteteza sikufuna ndalama zambiri. Madzi osamba awiritsidwe, kapena akhale m'ndowa masiku 2 kuti tizilomboto tife. Aliyense pamsasa agwiritse nchito cimbudzi. Amene analowa m'nyanja akapimitse kucipatala ngakhale akumva bwino, pakuti likodzo limabisala miyezi yambiri. Mankhwala a praziquantel amaciritsa matendawa.