Gitala wa flamenco: luso lotuluka m'thukuta

M'mera mpoyamba, adatero akuluakulu. Koma kodi kholo lingafike pati pofuna kuti luso la mwana wake lipite patsogolo? Funsoli silisowa pamene anthu akukamba za Paco de Lucía, katswiri woimba gitala wa flamenco wa m'dziko la Spain.

Mkuluyu adabadwa pa 21 Disembala 1947 m'tauni ya padoko ya Algeciras, ndipo dzina lake lenileni lidali Francisco Sánchez Gómez. Poti ana otchedwa Paco adali mbwee m'dera lawo, anthu ankamusiyanitsa potchula mayi ake, Lucía, omwe adali ochokera ku Portugal. Dzinalo lidakanirira mpaka lero.

Banja lawo lidali losauka. Bambo ake, Antonio Sánchez, ankaimba gitala usiku m'malo achisangalalo kuti ana apeze chakudya. Ataona kuti mwanayo ali ndi khutu lakuthwa, adamuikira lamulo lokhwima: kukhala m'chipinda ndi gitala maola ambirimbiri tsiku lililonse. Pofika zaka 11, Paco adali atasiya sukulu, ndipo m'chaka cha 1958 adamveka koyamba pa wailesi ya Radio Algeciras.

Kodi flamenco n'chiyani?

Ichi n'chikhalidwe cha anthu a m'chigawo cha Andalusia, kum'mwera kwa Spain, makamaka m'mizinda ya Seville, Cádiz ndi Jerez de la Frontera. Adachisunga kwambiri ndi anthu a mtundu wa Gitano, omwe kwa zaka mazanamazana ankasalidwa m'dzikolo. N'chifukwa chake nyimbo zambiri zimadandaula za umphawi, ndende, imfa ndi chikondi chosweka.

Flamenco ili ngati mafuwa atatu: kuimba pakamwa, kuvina ndi kuliza gitala. Pamwamba pake pamabwera kuomba m'manja, komwe nakonso n'kophunzira. M'chaka cha 2010, pamsonkhano wa ku Nairobi, bungwe la UNESCO lidaika flamenco pamndandanda wa zikhalidwe zofunika kuzisamala padziko lonse, mndandanda womwewo womwe pali Gule Wamkulu ndi Vimbuza.

Gitala wake ngwosiyana

Mukamuona patali, gitalayu amafanana ndi wina aliyense wa nsambo zisanu ndi imodzi. Koma ndi wopepuka, nsambo zake ndi za nayiloni ndipo zimakhala pafupi kwambiri ndi thabwa. Mwamwambo, kumbuyo ndi m'mbali mwake amapangira mtengo wa cypress, womwe umatulutsa mawu owuma, akuthwa ndi osachedwa kuzilala. Mawu otere ndiwo amamveka bwino pakati pa mgugu wa nsapato za ovina.

Pamimba pa gitalayo amamatapo kapulasitiki kotchedwa golpeador, chifukwa woimba amagogoda thabwalo ndi chala ngati ng'oma. Popanda kapulasitikiko, zikhadabo zikhoza kuboola gitala. Ndipo zikhadabo za kumanja n'chuma cha woimba: amazisunga zazitali pang'ono, kuzipala mosamala, ndipo chikathyoka chimodzi amachimata ndi guluu.

Ophunzira amayambira pati?

Chinthu choyamba si zala ayi, koma kuwerenga kagundidwe ka nyimbo, komwe eni ake amati compás. Mitundu ya nyimbo za flamenco imaposa 50, ndipo yotchuka monga soleá, alegrías ndi bulerías imayenda m'magulu a kugunda 12. Yesani nokha pakhonde: werengani kuyambira 1 mpaka 12, ndipo ombani m'manja mwamphamvu pa 3, 6, 8, 10 ndi 12. Bwerezani osapumira. Mukasochera pakati, dziwani kuti apa ndi pomwe ophunzira ambiri amapunthwa.

Kenako pamabwera ntchito ya dzanja lamanja. Pali rasgueado, komwe ndi kumwaza zala chimodzichimodzi pansambo mofulumira, mawu n'kumamveka ngati matalala padenga la malata. Pali picado, kuthamangitsa zala ziwiri mosinthanasinthana. Palinso alzapúa, pomwe chala chachikulu chokha chimagwira ntchito yotsika ndi kukwera.

Ngakhale zonsezi uzidziwe, ku Andalusia sakuyesa woimba ngati sudakhalepo kumbuyo kwa woimba pakamwa ndi wovina. Gitala amatsata iwo. Wovina akafulumira, nawe fulumira; woimba akakoka mawu, mudikire. Ambiri amaphunzira izi poperekeza makalasi a magule kwa zaka zingapo.

Khutu ndiye buku

Akatswiri akale sankawerenga manotsi a nyimbo. Ankaphunzira poonera ndi kumvetsera, monga momwe anyamata a mabanjo amachitira pamisika yathu. Paco adayamba ndi kutengera maimbidwe a Niño Ricardo, omwe mkulu wake Ramón ankamuonetsa. Ali mnyamata adapita ku America ndi gulu la ovina la José Greco, ndipo ku New York adakumana ndi katswiri wina, Sabicas, yemwe adamulangiza kuti asiye kutengera za eni, ayambe kupeka zake.

Malangizowo adabala zipatso. Kuyambira 1969 adajambula zimbale zingapo ndi woimba wa mawu amphamvu Camarón de la Isla. Nyimbo yake ya Entre dos aguas, yomwe idatuluka mu 1973, idatchuka zedi, ndipo mu 1975 adaimba mu Teatro Real ku Madrid, holo yomwe nthawiyo inkadziwika ndi nyimbo za anthu apamwamba. Adabweretsanso mu flamenco kabokosi koomba ngati ng'oma kotchedwa cajón, komwe adakaona ku Peru. Ena okonda mwambo adanyinyirika kuti akuononga chikhalidwe, koma lero magulu ambiri saimba popanda kabokosiko.

Paco adamwalira ndi nthenda ya mtima pa 25 Febuluwale 2014 ali kutchuthi ku Mexico, ali ndi zaka 66.

Masiku ano njira zachuluka. Mu 1985 Paco Peña wa ku Córdoba adayamba kuphunzitsa gitala wa flamenco pasukulu yaukachenjede ya zoimbaimba ku Rotterdam m'dziko la Netherlands, ndipo ku Córdoba komweko tsopano munthu amatha kutenga digiri ya lusoli. Maphunziro ena ali pa intaneti, oti mwana wa foni m'manja akhoza kuyambirapo.

Choncho mwana wa lero sasowanso kusankha pakati pa sukulu ndi gitala monga zidaliri ndi Paco. Chomwe sichidasinthe ndi thukuta: maola osawerengeka, zala zotuluka matuza, ndi kuwerenga mpaka 12 kosalekeza. Mwana wanu akamagogoda tebulo nthawi ya nsima, musafulumire kumukalipira. Mumvetsereni kaye, kenako mumufunse ngati walemba ntchito ya kusukulu.