Zida zowawa kwambiri ndi zopepera kwambiri mu Dungeons & Dragons

Mu Dungeons & Dragons yoyamba, masewero a patebulo a Gary Gygax ndi Dave Arneson mu 1974, zida zonse zinali zofanana mphamvu. Kaya ndi kampeni kaya chinkhwangwa, wosewera ankaponya dayisi imodzi ya mbali 6, yomwe amailemba kuti 1d6. Malamulo a 3.5, omwe anatuluka mu 2003, ndiwo anafika patali kwambiri pa nkhani ya momwe msinkhu wa wonyamula chida umasinthira mphamvu ya chidacho: magulu 9, kuyambira Fine, tinthu tonga ntchentche, mpaka Colossal.

M'malamulo amenewo katswiri wa zida zonse ndi chilupanga chogwira ndi manja awiri. M'manja mwa munthu wamba chimavulaza 2d6. Gulu la Large likachinyamula ndi 3d6, Huge 4d6, Gargantuan 6d6, ndipo Colossal amakhuthula madayisi 8 patebulo, moti akalephereratu wapeza 8, akachita mwayi 48.

Koma chopindula kwambiri pa sitepe yoyamba ndi chinkhwangwa. Pa msinkhu wa munthu chimaponya 1d12, avereji yake 6.5, kuchepekera chilupanga chomwe chili pa 7. Chikangokula kufika pa Large chimasanduka 3d6, avereji 10.5, n'kufanana ndendende ndi mnzake uja. Mkangano wakalekale woti chabwino n'chiti umathera pomwepo, ngakhale okonda dayisi ya mbali 12 amadandaula kuti ataya chisangalalo choponya 12 kamodzi n'kamodzi. Ine ndili kumbali yawo.

Malamulo a mu 2014 anadula nkhani. Magulu anatsala 6, ndipo madayisi a zida za zilombo ankangochulukitsidwa: kawiri kwa Large, katatu kwa Huge, kanayi kwa Gargantuan. N'chifukwa chake chiphona cha moto, cha msinkhu wa Huge, chinkamenya 6d6 ndi chilupanga chake, pomwe chiphona cha msinkhu womwewo chikanapeza 4d6 yokha mu 2003. Tarrasque, chilombo choopsa kuposa zambiri m'buku la zilombo, imaluma 4d12 kuwonjezera 10.

Chopepera kuposa zonse ndi kabango kouluzira tisingano ndi pakamwa. Mu 2014 kamavulaza 1 basi, dayisi osaikhudza n'komwe.

Nanga wokhumudwa kwambiri? Ndi msilikali amene mnzake wamukulitsa ndi matsenga mpaka kutalika kwake kuwirikiza kawiri. Mu 2003 chilupanga chake chinkakwera kufika pa 3d6. Mu 2014 amangomuwonjezera 1d4, pomwe chilombo cha msinkhu womwewo chikanyamula chida chomwecho chimaponya 4d6.