Chikhulupiriro cha Machona: Mafunso ndi Mayankho

Kodi n'zoona kuti munthu akachoka kwawo amaiwala Mulungu?

Ena amaiwaladi, tisabise. Koma makolo athu amene ankapita ku Halale ndi ku Joni anatisiyira umboni wina. Amuna a ku Nyasaland atachuluka m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia, iwo eni anapempha mbusa wowalalikira m'Chinyanja. M'chaka cha 1912, Mbusa T.C.B. Vlok wa mishoni ya Dutch Reformed ananyamuka kwathu kuno kukakhala nawo ku Salisbury. Mpingo umenewo ndi umene lero uli Sinodi ya Harare ya CCAP.

Nanga chinkawakokera kupemphero n'chiyani?

Kumudzi munthu amapita kutchalitchi chifukwa belu lalira ndipo agogo anyamuka kale. M'komboni munalibe womudzutsa. Amene ankadzuka Lamulungu, thupi likuwawa ndi ntchito ya pansi pa nthaka, n'kutulutsa buku la nyimbo long'ambika m'sutikesi yake, ankapita chifukwa wafuna yekha. Ine ndimaona kuti apa mpamene chipembedzo cha makolo chimasanduka chako.

Panalinso nkhani ya maliro. Mchewa amaopa kuikidwa ngati galu, popanda womulira. Choncho anthu osadziwana, wina wa ku Dedza, wina wa ku Nkhotakota, ankasonkherana ndalama zogulira bokosi, n'kumatchulana achimwene. Amene kwawo akadaonedwa ngati mwana ankapezeka akutsogolera mapemphero, akusunga thumba la gulu.

Kodi obwerera ankabwera ndi chikhulupiriro chomwe anapita nacho?

Kawirikawiri ayi. John Chilembwe anapita ku America mu 1897 limodzi ndi Joseph Booth, n'kukaphunzira ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Kumeneko anaona anthu akuda akuyendetsa okha mipingo ndi masukulu awo. Atabwerako mu 1900 anayambitsa Providence Industrial Mission ku Chiradzulu. Mipingo ya Ziyoni nayonso inafika kuno ndi anthu obwerera kuchokera kummwera.

Ndiye tizilimbikitsa ana athu kuchoka?

Apa ndimazengereza. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Joni, inagwa ku Francistown, Amalawi oposa 70 n'kufera pomwepo. Amayi ambiri anakalamba akuyang'ana kunjira. Mwana akatsimikiza zopita, mufunseni kumene azikapemphera, ndiponso amene adzakuimbireni foni iyeyo akadwala.